Philippe le Hardi, duke wa ku Bourgogne: mafunso ndi mayankho pa moyo wake ndi banja lake

Kodi Philippe le Hardi anali ndani?

Anali mzime mwa ana aamuna anayi a Jean II, mfumu ya France, ndi mkazi wake Bonne wa ku Luxembourg. Anabadwira ku Pontoise pa 17 Januwale 1342, nkhondo yaitali ya pakati pa France ndi England itangoyamba kumene. Pobadwa analibe chiyembekezo cha mpando wachifumu, chifukwa patsogolo pake panali akulu ake atatu: Charles, Louis ndi Jean. Koma pomwe ankamwalira mu 1404 anali munthu wamphamvu kuposa wina aliyense mu France, ndipo maiko amene ankalamulira anali kuyambira ku minda ya mphesa ya ku Dijon mpaka ku madoko a ku Flanders. Iye ndiye tsinde la maduke anayi a banja la Valois amene analamulira Bourgogne, dera limene mabuku a Chingerezi amalitcha Burgundy, mpaka mu 1477.

Dzina lakuti le Hardi analipeza bwanji?

Mawuwa amatanthauza wolimba mtima, ndipo anamupatsa ali mnyamata wa zaka 14. Pa 19 Seputembala 1356, pa nkhondo ya ku Poitiers, asilikali a France anagonja kwa Edward, mwana wamkulu wa mfumu Edward III ya England. Zinthu zitavuta, akulu ake a Philippe anawachotsa pabwalo la nkhondo kuti ufumu usathere pamenepo. Iye anatsala pambali pa bambo ake mpaka onse awiri anagwidwa. Nkhani imene anthu akhala akusimba ndi yakuti mnyamatayo ankafuula kuchenjeza bambo ake za adani obwera kumanja ndi kumanzere.

Anawatengera ku Bordeaux kenako ku England, ndipo Philippe anabwerera kwawo mu 1360, pangano la ku Brétigny litakhazikitsa dipo la mfumu. Dzinali limasocheretsa pang'ono. Munthu akalimva amaganiza za msilikali amene analanda maiko ndi lupanga, chonsecho maiko ake ambiri Philippe anawapeza kudzera mu ukwati ndi zokambirana, ndipo ena anachita kugula.

Udindo wa duke unali wotani nthawi imeneyo?

Duke anali wolamulira dera lalikulu pansi pa mfumu ya dziko. Ankalumbira pamaso pa mfumu kuti adzakhala wokhulupirika ndi kuithandiza pa nkhondo, koma m'dera mwake ankaweruza milandu, ankatolera ndalama za minda, misika ndi milatho, ndiponso ankasankha yekha akuluakulu omugwirira ntchito. Mafumu a France anali ndi chizolowezi chopatsa ana awo aang'ono dera lotere, lotchedwa apanage, kuti azidya pamenepo asamavutitse mkulu wawo wolowa ufumu. Mzere wa mwanayo ukatha, dera linkabwerera kwa mfumu. Jean II anachita zimenezi kwa ana ake onse atatu aang'ono: Louis analandira Anjou, Jean analandira Berry, ndipo Philippe poyamba analandira Touraine mu 1360.

Nanga Bourgogne inafika bwanji m'manja mwake?

Mu Novembala 1361 duke wakale, Philippe de Rouvres, anamwalira ali ndi zaka 15, wopanda mwana. Anthu awiri analimbirana malo ake, onse kudzera mwa akazi a m'banjamo. Jean II ankati ndi iye woyenera chifukwa mayi ake anali mwana wa duke Robert II. Charles, mfumu ya Navarre, ankati agogo ake aakazi anali mwananso wa Robert II, ndipo anali aakulu kwa mayi a Jean. Jean anapambana chifukwa chibale chake chinali chapafupi ndi m'badwo umodzi, komanso chifukwa asilikali anali ake. Mu 1363 anapereka deralo kwa Philippe, ndipo mkulu wake Charles V atalowa ufumu mu 1364 anatsimikizira mphatsoyo. Philippe anabweza Touraine.

Zaka zake zoyamba sizinali za mtendere. Pangano la 1360 linasiya asilikali ambiri aganyu opanda ntchito, ndipo magulu awo ankayendayenda akulanda midzi ndi kulipiritsa anthu kuti awasiye. Ena ankachita kuwathamangitsa, ena kuwapatsa ndalama kuti achoke.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza owerenga ambiri: madera otchedwa Bourgogne anali awiri. Dera la duke, likulu lake Dijon, linali kumadzulo kwa mtsinje wa Saône ndipo linali mbali ya France. Kum'mawa kwa mtsinjewo kunali dera lina, limene limatchedwanso Franche-Comté, lomwe linali pansi pa mfumu yaikulu ya Germany. Lachiwirili Philippe analipeza patapita zaka 20, kudzera mwa mkazi wake.

N'chifukwa chiyani ukwati wake umatchulidwa kwambiri?

Chifukwa pafupifupi chilichonse chimene banjali linadzakhala chinachokera pamenepo. Marguerite, wobadwa mu 1350, anali mwana yekhayo wa mu ukwati amene anatsala ndi moyo wa Louis de Male, count (wolamulira) wa Flanders. Womukwatira ndiye anali wodzalamulira Ghent, Bruges ndi Ypres, mizinda ya owomba nsalu ndi amalonda imene inali m'gulu la mizinda yolemera kwambiri kumpoto kwa Ulaya. Kuwonjezera apo mtsikanayo anali woti adzalandira Nevers ndi Rethel, ndiponso Artois ndi Franche-Comté zimene zinali m'manja mwa agogo ake aakazi. Anali atakwatiwapo kale ali ndi zaka 7 ndi Philippe de Rouvres yemwe uja, ndipo anakhala wamasiye ali ndi zaka 11.

Woyamba kufunsira mbetayo anali Edward III, kufunsira mwana wake Edmund wa ku Langley, ndipo mu 1364 anagwirizana ndi Louis de Male. Kwa anthu a ku Flanders zinali zanzeru, popeza ubweya wa nkhosa umene ankawombera nsalu unkachokera ku England. Kwa France linali tsoka, chifukwa adani akanakhala ndi khomo lotseguka kumpoto. Charles V anagwiritsa ntchito lamulo la mpingo. Edmund ndi Marguerite anali pachibale, choncho ukwati unkafunika chilolezo cha papa. Papa Urban V, amene anali Mfalansa ndipo ankakhala ku Avignon, anakana. Philippe nayenso anali pachibale ndi Marguerite, koma kwa iye chilolezo chinapezeka.

Louis de Male sanapereke mwana wake mwaulere. Charles V anabweza ku Flanders mizinda ya Lille, Douai ndi Orchies, imene France inalanda kale, ndipo analonjeza ndalama zagolide 200,000. Mwamseri anauza mng'ono wake alonjeze kuti apongozi akadzamwalira adzabweza mizinda itatuyo kwa mfumu. Philippe analonjeza, koma sanabweze. Ukwati unachitikira ku Ghent pa 19 Juni 1369.

Kenako kunali kudikira. Louis de Male anamwalira pa 30 Januwale 1384, patapita zaka pafupifupi 15. Ndipo m'malamulo maikowo anali a Marguerite. Philippe ankalamulira ngati mkamwini, m'dzina la mkazi wake. Marguerite sanali wongokhala: mwamuna wake akakhala ku Paris, zimene zinkachitika kawirikawiri, iye ndiye ankayendetsa zinthu ku Dijon, ndipo pambuyo pake ku Arras.

Kodi anthu a ku Flanders anamulandira bwino?

Anapeza moto ukuyaka kale. Mu 1379 anthu a ku Ghent anaukira Louis de Male, ndipo chimene chinayatsa mkangano chinali ngalande imene a ku Bruges ankakumba, yomwe ikanapatutsa malonda a pamtsinje kuchoka ku Ghent. Mu Meyi 1382 a ku Ghent, motsogozedwa ndi Philip van Artevelde, anagonjetsa count ndi kulanda Bruges. Philippe, poona kuti chuma chimene mkazi wake ankayembekezera chikupita, anabweretsa asilikali a France pamodzi ndi mfumu yawo yachinyamata. Pa 27 Novembala 1382, ku Roosebeke, a ku Ghent anagonja ndipo Artevelde anafera pomwepo. Mzinda wa Courtrai unafunkhidwa, ndipo wotchi yake yapansanja, yokhala ndi chifanizo choimba belu, Philippe anaitumiza ku Dijon, kumene ili mpaka lero pamwamba pa tchalitchi cha Notre-Dame.

Ghent sinagwade ngakhale zinali choncho. Nkhondo inatha ndi pangano la ku Tournai mu Disembala 1385, ndipo apa m'pamene nzeru za Philippe zimaonekera. Anakhululukira oukira, anasiya ufulu wakale wa mzindawo monga unalili, ndipo a ku Ghent anasiya ubale wawo wa nkhondo ndi England. Nthawi imeneyo mpingo unali ndi apapa awiri. France inkatsata wa ku Avignon, anthu ambiri a ku Flanders ankatsata wa ku Rome, ndipo panganolo silinawaumirize kusintha. Mzinda wotenthedwa sulipira msonkho, ndipo iye ankadziwa zimenezo.

Anali ndi ana angati, ndipo anakwatira kuti?

Amene anapulumuka ukhanda anali asanu ndi awiri: Jean wobadwa mu 1371, Marguerite, Catherine, Bonne, Antoine, Marie, ndi Philippe wobadwa mu 1389. Anyamata awiri, Charles ndi Louis, anamwalira ali makanda, ndipo Bonne anamwalira asanakwatiwe. Otsalawo aliyense anamuika pamalo amene anali ndi phindu.

Chachikulu chinachitika ku Cambrai pa 12 Epulo 1385, pamene panali maukwati awiri tsiku limodzi. Albert wa ku Bavaria ankalamulira Hainaut, Holland ndi Zeeland, maiko oyandikana ndi Flanders. Jean, wa zaka 13, anakwatira mwana wamkazi wa Albert, dzina lake Marguerite. Mlongo wake wa Jean, Marguerite nayenso, wa zaka 10, anakwatiwa ndi William, mwana wamwamuna wa Albert. Cholinga cha kusinthana kotereku chinali chakuti mbali iliyonse imene mzere ungadzathe, maiko adzagwere kwa abale. Zinatenga zaka 48, koma zinatheka: William ndi Marguerite anabereka mwana mmodzi, Jacqueline, amene anasiya maiko atatuwo kwa msuweni wake Philippe le Bon, mwana wa Jean, mu 1433. Chaka chomwecho cha 1385, mu Julayi, Philippe anakonzanso ukwati wa mfumu Charles VI ndi Isabeau, wa nthambi ina ya banja la ku Bavaria.

Catherine anakwatiwa ndi Leopold IV wa ku Austria, amene maiko a banja lake anali kum'mawa kwa Franche-Comté, koma sanabereke. Marie anakwatiwa ndi Amédée VIII wa ku Savoy, kum'mwera. Antoine anamukonzera Brabant: Jeanne, wolamulira kumeneko, anali mayi aakulu a Marguerite, mkazi wa duke, ndipo analibe mwana, choncho anavomera kuti dzikolo lipite kwa mdzukulu wa mng'ono wake. Antoine analowa mu 1406. Philippe wamng'ono analandira Nevers ndi Rethel. Mukaika maukwatiwa pamapu muona kuti palibe ngakhale umodzi umene unapita kutali kukasaka ulemu chabe. Onse anatseka malire.

Ankalamuliranso France yeniyeniyo?

Kwa zaka zambiri, inde. Charles V anamwalira mu Seputembala 1380 n'kusiya Charles VI ali ndi zaka 11. Dziko linatsala m'manja mwa abambo aang'ono atatu a mwanayo, a Anjou, Berry ndi Bourgogne, pamodzi ndi malume ake Louis wa ku Bourbon. Louis wa ku Anjou ananyamuka mu 1382 kukalimbira ufumu wa Naples ndipo anafera komweko mu 1384. Jean wa ku Berry mtima wake unali pa nyumba zokongola ndi mabuku. Wotsala pa chiwongolero anali Philippe.

Mu Novembala 1388 mfumu, itakwanitsa zaka pafupifupi 20, inathokoza abambo ake aang'ono n'kuwauza kuti apume, ndipo inabwezeretsa alangizi akale a bambo ake. Izi zinakhala zaka zosakwana zinayi. Mu Ogasiti 1392, ali pa ulendo wa nkhondo pafupi ndi Le Mans, Charles VI anachita misala mwadzidzidzi n'kupha anthu ake omwe. Matendawa ankabwera ndi kupita mpaka imfa yake mu 1422. Philippe anabwerera pa ulamuliro, koma tsopano panali Louis, duke wa ku Orléans, mng'ono wa mfumu, amene ankati udindowo ndi wake.

Ankasiyana pa zambiri: za apapa, za Italy, za England. Philippe ankafuna mtendere ndi England chifukwa cha malonda a ku Flanders, ndipo anathandiza kuti mu 1396 pakhale pangano losiya nkhondo ndi ukwati wa Richard II, mfumu ya England, ndi Isabelle, mwana wa Charles VI. Koma pansi pa zonsezi panali thumba la mfumu, ndi funso lakuti adzatapamo ndani. Kumapeto kwa 1401 aliyense anabweretsa asilikali ake ku Paris, ndipo anawayanjanitsa magazi asanakhetsedwe.

Chuma chake chinkachokera kuti?

Magwero anali atatu. Loyamba linali ndalama za tsiku ndi tsiku za m'maiko ake: lendi ya minda, nkhalango, mphero, misonkho ya pamilatho ndi zindapusa za m'makhoti. Lachiwiri linali zopereka zapadera zimene ankapempha kwa nthumwi za mizinda, za mpingo ndi za eni malo pakagwa nkhondo kapena ukwati, ndipo zimenezi ankachita kukambirana, makamaka ku Flanders. Lachitatu, lomwe linali gawo lalikulu kwambiri m'zaka zake zomaliza, linali la mfumu ya France: malipiro a pachaka, mphatso, ndi chilolezo chosunga misonkho yachifumu yotoleredwa m'madera ake. Apa m'pamene panali chofooka cha nyumba yonseyi. Duke akangotalikira kukhosi kwa mfumu, ndalama zinkauma. Mkangano ndi Orléans sungamveke bwino popanda mfundo imeneyi.

Poyang'anira ndalama, mu 1386 anakhazikitsa ofesi yofufuza mabuku a chuma ku Lille ya maiko a kumpoto, ndipo anakonzanso ya ku Dijon, zonse motengera ya ku Paris. Wotolera ndalama aliyense ankayenera kubweretsa kaundula wake ndi malisiti. Mu 1390 anagula dera la Charolais.

Za Nicopolis zinali zotani?

Inali nkhondo imene inamudyera chuma chambiri ngakhale iye sanapiteko. Mu 1396 Sigismund, mfumu ya Hungary, anapempha thandizo polimbana ndi Bayezid I, mfumu ya ufumu wa Ottoman wa ku Turkey. Philippe analipira ulendowo ndipo anaika mwana wake Jean patsogolo pa asilikali a ku France. Pa 25 Seputembala, pafupi ndi mtsinje wa Danube m'dziko limene lero ndi Bulgaria, okwera pamahatchi a ku France anakana malangizo a Sigismund akuti adikire. Anathamangira kutsogolo, anabalalitsa mizere yoyamba, ndipo atatopa anakumana ndi asilikali a Bayezid amene anali asanamenye. Akaidi ambiri anaphedwa m'mawa mwake. Olemera okha anasungidwa, ndipo dipo lawo linali ndalama zagolide 200,000. Dino Rapondi, wamalonda wa ku Lucca amene ankabwereketsa duke ndalama, ndiye anakonza njira yolipirira kudzera mwa amalonda a ku Italy. Jean anafika kwawo mu 1398, ndipo anthu a ku Bourgogne ndi Flanders anasonkha pa ngongoleyo.

N'zoona kuti analetsa mtundu wina wa mphesa?

N'zoona. Mu 1395 analamula kuti mphesa za gamay zizulidwe m'minda ya dera lake, ndipo analetsanso kuthira manyowa m'minda ya mphesa. Alimi ankakonda gamay chifukwa imabereka kwambiri, imapsa msanga ndipo sivuta kusamala. Duke ankafuna pinot noir, yobereka pang'ono koma yotulutsa vinyo amene mbiri yake inkafika kwa apapa ndi mafumu. Alimi ambiri sanamvere, koma lero vinyo wofiira wotchuka wa ku Bourgogne ndi wa pinot noir, ndipo gamay inakhazikika kum'mwera, ku Beaujolais.

Pali chimene munthu angaone lero cha nthawi yake?

Zambiri zili ku Dijon. Mu 1383 anayamba kumanga nyumba ya amonke a chipani cha Chartreux ku Champmol, kunja kwa mzinda, kuti ikhale manda a banja lake. Anaikamo amonke 24, pamene nyumba wamba ya chipanichi inkakhala ndi 12. Nyumbayo inagwetsedwa pambuyo pa kuukira ufumu kwa anthu a ku France mu 1789, ndipo pamalopo pali chipatala cha odwala maganizo. Chimene chinatsala ndi khomo la tchalitchi, pamene pali zifanizo za Philippe ndi Marguerite atagwada, ndiponso chipilala chotchedwa Chitsime cha Mose, chokhala ndi Mose, Davide, Yeremiya, Zekariya, Danieli ndi Yesaya. Wosema wake anali Claus Sluter wa ku Haarlem.

Chiliza cha Philippe chili m'nyumba yosungiramo zaluso ya Musée des Beaux-Arts. Anachiyamba Jean de Marville, anapitiriza Sluter, ndipo anachimaliza mu 1410 Claus de Werve, mphwake wa Sluter. Pansi pa mwala wakuda pamene pagona chifanizo cha duke pali tizifanizo ta olira pafupifupi 40, tosemedwa pa mwala woyera, kalikonse kotalika ngati masentimita 40. Ena akupukuta misozi, ena akuwerenga, ndipo ena nkhope zawo zabisika m'nsalu moti chisoni chimaonekera pa mapewa pokha.

Anamwalira bwanji, ndipo n'chifukwa chiyani mkazi wake anaika makiyi pabokosi?

Mu 1404 anapita ku Brussels kukamaliza nkhani ya Brabant. Anadwala matenda amene anali atabuka kumeneko, ndipo anamwalira ku Halle pa 27 Epulo ali ndi zaka 62. Thupi lake analiveka mkanjo wa amonke a Chartreux n'kulinyamula ulendo wautali mpaka ku Champmol. Ndalama za maliro zinasowa, moti ana ake anapinyolitsa ziwiya zasiliva.

Malinga ndi mwambo wa malamulo a kumeneko, katundu wonyamulika ndi ngongole zinali za mwamuna ndi mkazi pamodzi. Mkazi wamasiye akalandira gawo lake la katundu, ankalandiranso gawo la ngongole. Njira yothawira inali kukana zonse poyera, poika lamba wake, kachikwama ka ndalama ndi makiyi pabokosi la mwamuna. Marguerite, mkazi wolemera koposa m'dera lonselo, anachita zimenezo. Maiko ake sanakhudzidwe chifukwa anali akeake. Anawasunga mpaka anamwalira ku Arras mu Malichi 1405, ndipo anaikidwa ku Lille, kwa makolo ake, kutali ndi mwamuna wake.

Banjali linatha bwanji?

Jean, amene amatchedwa Jean sans Peur, analowa m'malo koma sanalandire ulemu umene bambo ake anali nawo ku Paris. Philippe anali mwana wa mfumu, m'bale wa mfumu ndi bambo wamng'ono wa mfumu. Jean anali mwana wa bambo aang'ono chabe. Ndalama zochokera kwa mfumu zinachepa, ndipo pa 23 Novembala 1407 anatuma anthu kukapha Louis wa ku Orléans mumsewu wa ku Paris. Nkhondo yapachiweniweni imene inatsatira inatsegulira njira Henry V wa ku England. Ku Agincourt mu 1415 Antoine ndi Philippe wamng'ono anaphedwa tsiku limodzi akumenyera France. Jean anaphedwa pa mlatho wa ku Montereau pa 10 Seputembala 1419, pa msonkhano ndi wolowa ufumu wa France.

Mwana wake Philippe le Bon analamulira mpaka 1467 ndipo ndiye anakolola zimene agogo ake anadzala, kuphatikizapo Brabant mu 1430. Womaliza anali Charles le Téméraire, amene anafera ku Nancy pa 5 Januwale 1477 n'kusiya mwana wamkazi mmodzi, Marie. Louis XI, mfumu ya France, analanda dera la Dijon ponena kuti apanage sipita kwa mkazi. Marie anakwatiwa ndi Maximilian wa ku Austria chaka chomwecho, ndipo Flanders ndi maiko ena a kumpoto analowa m'banja la Habsburg.

Ndi anthu ati amene amasokonezedwa naye?

Awiri. Woyamba ndi Philippe III, mfumu ya France kuyambira 1270 mpaka 1285, amene nayenso ankatchedwa le Hardi. Wachiwiri ndi Charles le Téméraire, mdzukulutuvi wake. Mu Chingerezi onse awiri, Philippe ndi Charles, amapatsidwa dzina lofanana, lakuti the Bold, koma mu Chifalansa mawuwo ndi osiyana: hardi ndi wolimba mtima, pamene téméraire ndi wochita zinthu mwaphuma, wosaopa ngakhale pofunika kuopa.